Dimba Loonera Chagada

Achimwene anga anabadwa pa 17 Okutobala 1949, anamwalira pa 4 Seputembala 2013, ndipo pakati pa masiku awiriwa anasamala dimba limodzi kwa zaka makumi anayi. Pa maliro awo mkulu wa chipatala anaimirira, nakonza tayi, n'kuuza anthu kuti malemuwa anali munthu wokonda maluwa. Ndinadziluma mlomo mpaka kulawa magazi. M'dimba la achimwene munalibe duwa lodzala ndi manja ngakhale limodzi, ndipo wolankhulayo ndiye anali atalikwirira. Pamaliro sindinathe kumuyankha. Ndimuyankha pano.

Pachipatala ponse ankawatchula kuti a Chingwe, chifukwa sankadula kanthu asanakoke chingwe. Ine ndinagwira ntchito pomwepo, mu ofesi ya mafayilo, kuyambira pa 1 Seputembala 1976, ndipo zenera langa linkayang'ana m'dimbamo. Zambiri ndinaziona ndekha. Zoyambirira ndinazimva kwa eni ake kambirimbiri, moti ndikhoza kuzinena ndili m'tulo.

Mu 1971 achimwene ankakankha wilibala kwa amisiri amene ankamanga wodi ya odwala chifuwa, anthu ogona miyezi osadzuka. Dimba la kunja kwa wodiyo analijambula mayi wina wa mapulani, wamfupi, wovala nsapato zachimuna, pensulo ili m'tsitsi. Amisiri ankadana naye chifukwa ankayenda ndi levulo yoyezera kupendekeka ataifukata ngati mwana wakhanda. Lachitatu pa 3 Malichi anapeza achimwene atagwada, akunyamula silabu ya simenti imene amisiri anali ataiyala kale. Inali itapendekeka pang'ono, mwina ngati chala chimodzi, ndipo palibe amene anawatuma.

"Wakuuzani ndani kuti muichotse?" anafunsa mayiyo.

"Palibe. Ikungondipweteka m'maso."

Mayiyo anayang'ana wotchi, n'kuwakoka dzanja la malaya mpaka m'wodi, momwe munali mabedi atsopano opanda munthu.

"Gonani apa."

"Ine sindikudwala, mayi."

"Mudwala mphindi khumi zokha. Gonani chagada, nsapato musavule."

Anagona pa bedi nambala 9, akuopa kuti kapitawo awapeza. Inali cha m'ma 3 koloko masana. Mayiyo anakuwa pazenera kuti amisiri atsegule madzi olowa m'dziwe limene linali kunja kwa mawindo. Dziwe litadzaza, achimwene anaona siling'i yonse ikuyamba kuyenda. Dzuwa linkagunda pamadzi, kuwala n'kudumphira m'mawindo, n'kumasewera pamwamba pa mabedi ngati ukonde woyera umene wina akuugwedeza pang'onopang'ono. Ankati anaiwala kupuma.

"Munthu wogona miyezi isanu ndi umodzi amaona chiyani?" anatero mayiyo. "Siling'i. Ndiye dimba langa lili apo. Zakunjazo ndi makina chabe oliyendetsa."

Kunjako kunali motere. Dziwe lowongoka ngati rula, lotalika mamita khumi ndi asanu ndi atatu, lotsatira mawindo a wodi mbali yolowera dzuwa. Kuya kwake madzi ankalekeza m'kakolo, ndipo pansi pake panali popaka zakuda kuti kuwala kusamire. Madzi ankalowa pa kampata kopyapyala kumapeto kwina n'kutulukira kwinako, mwakachetechete, kungoti pamwamba pazichita timakwinya. M'mbali mwake masilabu a ngodya zinayi, kenako timiyala totuwa, kenako heji yaifupi. Kumapeto kumodzi kunali nyumba yosanja ya maofesi, kwinako khoma loyera lopanda kalikonse, ndi mtengo umodzi wa jakaranda, osati pakati koma pakona, kuti m'mawa mthunzi wake uzijambula pakhomapo. Basi. Anthu odutsa ankafunsa kuti dimbali alimaliza liti.

Mayi wa mapulani anakakamiza akuluakulu kuti achimwene alembedwe ntchito yosamala dimbalo. Pochoka, pa 28 Epulo 1972, anawasiyira pepala la mapulani ndi ndodo yokhala ndi chizindikiro chosema. Heji isapitirire chizindikirocho, chifukwa ikatalika itchinga dzuwa la madzulo. Nthambi za jakaranda zisafike pamwamba pa madzi. Ndipo m'munsi mwa pepalalo analemba mawu awiri n'kuwadula mzere kawiri: Osawonjezera kanthu. Anatumizako khadi limodzi mu 1979, ndipo sitinamvenso za iye.

Ntchito ya achimwene inali yofanana sabata ndi sabata, ndipo sanatope nayo. Lolemba m'mawa ankakhuthula dziwe lonse n'kulikwecha ndi bulashi atagwada, kuti pofika masana likhale litadzazanso. Lachinayi ankakhoma zikhomo, kukoka chingwe molingana ndi ndodo ija, n'kumeta heji. Timiyala ankatisalaza tsiku lililonse, akuyenda chambuyo kuti asasiye mapazi. Nyengo imene jakaranda amayoyola maluwa ankaima ndi kasefa ka waya kuwola limodzilimodzi, akuung'ung'udza ngati akukalipira mwana wake.

Koma ankati ntchito yeniyeni inali kukana. Munthu akachira, abale ake ankabwera ndi mphatso: wina mbande za marozi, wina chule wa simenti, wina nsomba zofiira m'botolo. Achimwene ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza mogwada, n'kukazidzala kuseri kwa khitchini, komwe kunasanduka nkhalango ya mphatso. Metironi wina anafuna kuzunguliza dziwe ndi miyala yopaka laimu. Anamenyana naye mawu zaka zitatu mpaka mayiyo anasamutsidwa.

"Kodi achimwene, duwa limodzi lokha lingaphe munthu?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Iwe mlongo, mu ofesi yako muja, munthu atabwera n'kuika pepala limodzi lokha m'fayilo yolakwika, ungamusekerere? Limodzi limaitana linzake. Pamene mukuti palibe kanthu paja ndi pamene diso limapumira."

Kunyumba kwawo ankagonja. Mlamu wanga anali wa maluwa m'zitini, pakhonde ponse, zitini za penti, za mkaka, ngakhale ketulo yobooka. Achimwene ankadutsa pakhondepo ataweramitsa mutu ngati akudutsa pa ngozi ya galimoto.

"Amuna anga ali ndi mitala," ankatero mlamu. "Mkazi wamkulu ndi dziwe. Ine sanandikwechepo msana ngakhale Lolemba limodzi."

"Dziwe silindiyankha," ankatero iwo, n'kupatsidwa tiyi wopanda shuga.

Odwala ankadziwa zimene dimbalo linali. Kuwala kuja ankakutcha kanema wa a Chingwe. Ikamayandikira 3 koloko wodi inkakhala chete, ngakhale otsokomola kwambiri ankayesa kudzigwira, ndipo anamwino anaphunzira kusabaya jakisoni nthawi imeneyo. Kukachita mitambo wina ankakuwa pazenera kuti, "A Chingwe, lero kanema wafa?" Iwo n'kuyankha kuti, "Woonetsa wapita kumaliro, abwera mawa." Mphepo ikapanda, ankagwada kumapeto kwa dziwe n'kumagwedeza madzi ndi zala ziwiri kuti siling'i isaime. Izi zinachitika zaka makumi anayi. Madokotala ankazidziwa, anamwino ankazidziwa, okolopa ankazidziwa. Ndikunena zimenezi dala, chifukwa tsiku lofunika onsewa anasanduka osalankhula.

Lolemba pa 10 Januwale 2011 kunabwera mkulu watsopano wa chipatala. Pasanathe sabata anali atapatsidwa dzina loti a Liwiro, chifukwa ankayenda ngati kumbuyo kwayaka moto, foni ili kukhutu. Sindinamuonepo atakhala pansi pena paliponse kupatula pampando wake. Sanali wakuba, sanali waulesi, ndisamunamizire. Anali munthu woti akaona malo opanda kanthu amamva kuyabwa. Chaka chimenecho wodi inkakwanitsa zaka makumi anayi, kunkabwera alendo olemekezeka, ndipo iye anafuna kuti aone kuti pafika munthu.

Anakumana ndi achimwene m'dimbamo pa 15 Febuluwale. Zenera langa linali lotsegula.

"Madala, malo onsewa angokhala chonchi? Dziwe lopanda nsomba, khoma lopanda chithunzi, miyala ngati pamanda. Zaka zonsezi mumalima chiyani?"

"Bwana, dimba ili saliona choimirira."

"Amaliona bwanji, chouluka?"

"Chagada, bwana. Mubwere 3 koloko, mukagone pa bedi nambala 9. Mphindi khumi zokha. Nsapato simuvula."

Apa ndi pamene achimwene analakwitsa, ndipo ndinawauza tsiku lomwelo. Iwo ankaganiza kuti zimene zinawatsegula maso zingatsegule aliyense, ndipo njira ina yofotokozera analibe. Koma munthu wa tayi, pamaso pa anamwino awiri amene anayamba kubisa kuseka, kumuuza kuti akagone pa bedi la wodwala chifuwa! Nkhope ya a Liwiro inauma.

"Mukundifunira matenda, madala? Ine ndabwera kudzagwira ntchito, osati kudzagona."

Kuyambira tsiku limenelo dziwe linali ndi mlandu. Achimwene anabwereranso kwa iye katatu, pa 2 Malichi, pa 30 Malichi ndi pa 19 Epulo, chipewa chili m'manja, ndi pempho lomwelo. Kachitatu mlembi wake anawabweza pakhomo.

Lachinayi pa 12 Meyi kunali msonkhano wa akuluakulu a zigawo, ndipo wolemba zokambirana ndinali ine. Mfundo yachisanu ndi chiwiri inali ya dimba. A Liwiro anati dziwe limaswetsa udzudzu, choncho likwiriridwe, padzalidwe maluwa olemba kuti ZAKA 40. Ndinaika cholembera pansi, n'kutambasula pa tebulo pepala la mapulani limene ndinabwereka kwa achimwene.

"Bwana, madzi aja saima, amayenda usana ndi usiku, ndipo amakhuthulidwa Lolemba lililonse. Udzudzu uli kuseri kwa londire yochapira zovala, komwe ngalande inatsekeka chaka chatha. Taonani apa, mizere iyi ikusonyeza momwe kuwala kumalowera m'wodi."

Sanayang'ane n'komwe pepalalo.

"Mayi, paja a Chingwe ndi achimwene anu? Ndiye inu lembani. Zolankhula tisiyireni."

Ndinayang'ana dokotala wamkulu wa wodiyo, munthu amene ndinamuonapo ataima pakhomo la wodi akuyang'ana siling'i kukamwa kuli yasa. Ankawerenga zikhadabo zake. Ndinayang'ana metironi. Ankafufuza kanthu m'chikwama. Palibe amene anatsegula pakamwa kunena kuti, bwana, pitani mukangoona. Ndipo ine, mlongo wawo, ndinatola cholembera n'kulemba ndi dzanja langa kuti msonkhano wagwirizana. Pepala limenelo lilipo, lili ndi siginecha yanga. Ndikamakwiyira ena, ndimayamba ndadzikwiyira ndekha.

Madzulo ake ndinapita kukawauza. Anamvetsera akupukuta sizasi yometera heji. Mlamu ndiye anatukwana m'malo mwawo, mkazi yemwe uja wodandaula za mitala.

"Alekeni akwirire," anatero achimwene pomaliza. "Dothi limafukulika. Mabwana amabwera n'kupita, ine ndaonapo asanu ndi awiri. Chachikulu pansi pake pasasweke. Pakakhala pathunthu, wina adzafukula, adzakwecha, adzatsegula madzi."

Lolemba pa 6 Juni anafika mbandakucha, nakhuthula dziwe n'kulikwecha ngati Lolemba lina lililonse. Kenako anayala masaka pansi ponse, awiriawiri, kuti fosholo isakande simenti. Pamene lole ya dothi inkafika, anali akumanga nsanza pa kampata kolowera madzi. Ndi loleyo kunabwera munthu wogulitsa mbande, amene anapatsidwa ntchito ya maluwa. Anasuzumira m'dziwemo n'kupukusa mutu.

"Muno mvula ikagwa madzi adzadikha, mizu idzaola. Pansipa pabooledwe."

Achimwene anathamangira kwa a Liwiro, amene anaima pakhonde la maofesi. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu chimodzi anagwada pa masilabu amene anathandiza kuyala.

"Bwana, chotsekera ndachotsa kale, madzi azituluka okha. Dzalani chilichonse, ndithirira ndine. Koma pansi pokha musaswe."

"Madala, katswiri wanena. Inu munaphunzira kuti za maluwa?"

Antchito anachotsa masaka aja n'kuwaunjika pambali. Piki inagunda nthawi ya 9:20. Ndinawerenga mabowo ndili pazenera: makumi awiri ndi atatu, ndipo lililonse linatulutsa ming'alu mbali zonse. Odwala amene ankatha kudzuka anaima m'mawindo. Mmodzi anakuwa kuti, "Mukuswa kanema wathu, agalu inu!" ndipo namwino anatseka zenera. Achimwene anaima pansi pa jakaranda, ndodo yawo ili m'manja, mpaka piki yomaliza. Pa 30 Juni anasiya ntchito. Anawapatsa wotchi yapakhoma yokhala ndi maluwa apulasitiki m'mbali.

Chikondwerero chinachitika Loweruka pa 2 Julayi. Khoma loyera lija analijambula banja losekerera likusamba m'manja. Miyala inapakidwa laimu. Maluwa ofiira ndi achikasu analembadi ZAKA 40, koma zilembozo zinkawerengeka kuchokera malo amodzi okha, pazenera la ofesi ya a Liwiro pamwamba. Kuchokera m'wodi, ngakhale utaimirira, zinkaoneka ngati mulu wa zovala zochapa. Alendo anakhala m'dimbamo mphindi khumi ndi imodzi, ndinayang'ana wotchi. Pofika Novembala nambala 4 inali itauma, ndipo heji, yopanda woikokera chingwe, inali itafika m'chifuwa.

Zaka ziwiri zotsatira achimwene anakhala pakhonde pakati pa zitini za mlamu, osadandaula za chilichonse, ndipo zimenezo ndi zimene zinkatiopsa. Lolemba pa 19 Ogasiti 2013 chifuwa chinawagwetsa, ndipo anagonekedwa m'wodi yomweyo. Anapempha bedi nambala 9, koma linali ndi munthu, anawapatsa 14. Ndinkatsika kukawaona nthawi ya nkhomaliro ndi poweruka. Tsiku lachitatu ndinapita dala 3 koloko. Ndinawapeza atagona chagada, maso ali pa siling'i. Panali penti yotuwa, ndi banga la madzi odontha pakona. Anayang'ana mpaka 3:30, kenako anatembenukira kukhoma n'kufunda kumutu. Namwino anandiuza kuti amatero tsiku lililonse, ndipo akatero chakudya chamadzulo sachikhudza.

Lachiwiri pa 27 Ogasiti ndinabwera ndi beseni kuchokera kunyumba. Ndinalowa m'dimba, ndinaponda maluwa ouma aja osapepesa, ndinaika beseni kunja kwa zenera lawo n'kuthiramo madzi.

"Iwe mlongo," anatero mawu ofooka m'katimo, "ukuchapa?"

"Ndikuonetsa kanema. Mukuona kanthu?"

"Beseni loyera? Sukulu yonse ija unangopita kukatha nsapato. Pansi pakhale pakuda."

Ndinathamangira kukhitchini kukabwereka chithireyi chachikulu chophikira buledi, chakuda bii ndi utsi wa zaka. Heji inkatchinga dzuwa, ndiye ndinathyola nthambi zake ndi manja mpaka kutsegula mpata, n'kukweza thireyi pa mpando wa mu ofesi yanga.

"Kumanzere. Ayi, kumanzere kwanga, osati kwako. Bweza pang'ono. Zala ziwiri. Ima pomwepo!"

Ndinasiya thireyi pomwepo.

"Tsopano gwedeza. Osati ngati ukutsuka mbale, iwe. Ingokhudza."

Ndinakhudza madzi ndi zala ziwiri. Sindinkaona siling'i, ndinali kunja, dzuwa likundiotcha m'khosi. Ndinangomva bambo wa pa bedi 13 akuti, "Taonani, taonani uko!" ndipo kutsokomola m'wodi kunayamba kuchepa. Kuwalako akuti kunali kochepa, ngati thaulo, pamwamba pa mabedi awiri okha.

"Kapendekeka," anatero achimwene patapita nthawi. "Koma kakuyenda."

Madzulo amenewo anadya. Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi atatu, awiri mwa iwo kunali mitambo ndipo tinangodikira pachabe. Pa tsiku lachinayi, Lachisanu pa 30, a Liwiro anadutsa pakhonde ndi liwiro lawo, n'kuima.

"Mayi, nthawi ya ntchito ino. Ndipo madzi oima amenewo mukudziwa zimene amabweretsa."

Sindinachotse zala m'madzi.

"Bwana, lero sindikulemba, ndikulankhula. Bedi nambala 15 lilibe munthu. Lowani mukagone mphindi khumi, muone chimene munaswa ndi piki. Nsapato simuvula."

Anayang'ana zenera, anayang'ana thireyi. Ndinaona ndithu phazi lake likutembenukira kukhomo la wodi. Kenako foni yake inalira, naiika kukhutu, n'kupita. Mawa lake ndinalandira kalata yondichenjeza za kuchotsa mpando mu ofesi popanda chilolezo. Ndinaiika m'fayilo yoyenera.

Achimwene anamwalira Lachitatu pa 4 Seputembala nthawi ya 11:05 m'mawa, dzuwa lisanafike mbali ya mawindo. Thireyi ndinabweza kukhitchini. Ndodo ija ili kuseri kwa chitseko changa, pepala la mapulani lili m'sutikesi. Ndalembera akuluakulu a chipatala makalata asanu ndi limodzi, yomaliza pa 3 Malichi chaka chino, kufotokoza kuti pansi pa dothi lija pali dziwe, kuti mabowo ndi makumi awiri ndi atatu, ndi kuti mmisiri wodziwa simenti akhoza kuthira pansi patsopano. Anandiyankha kamodzi, kundithokoza chifukwa cha chidwi changa pa nkhani ya maluwa.

A Liwiro anakwezedwa, ali ku likulu. Sindimutemberera, amayi sanatilere choncho. Koma ndagwira mafayilo a odwala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo sindinaonepo munthu amene anayenda mothamanga mpaka kulizemba bedi. Tsiku lake lidzafika, adzamuvula tayi, adzamugoneka chagada, foni adzaiika m'kabati. Ikadzakwana 3 koloko adzayang'ana kumwamba, popeza kulibe kwina koyang'ana, ndipo adzapeza penti.